Utsi, Tiyi ndi Makanda Obadwa Masiku Asanakwane: Mfundo 12 Zodabwitsa za ku Thyolo

Wofuna kujambula kukongola kwa Malawi akapanda kupita kunyanja amapita ku Thyolo. Minda ya tiyi yobiriwira kuchokera cha ku Bvumbwe mpaka ku Makwasa, nkhungu ya m'mawa, kamphepo kozizira. Ndani angaganize zokamba za mpweya woipa kumalo otere? Nkhani imeneyo timaiyesa ya ku Johannesburg kapena ku Delhi. Komatu boma lino, lomwe kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 720,000, lili ndi mafakitale, mankhwala opopera m'minda, ndi moto wa nkhuni pafupifupi pakhomo lililonse. Woyamba kukhudzidwa ndi zonsezi ndi mwana amene akadali m'mimba.

1. Malawi anakhalapo nambala wani pa dziko lonse, pa chinthu chosanyaditsa.

Pakati pamayenera kutha masabata pafupifupi 40. Mwana akabadwa masabata 37 asanakwane, achipatala amati wabadwa masiku asanakwane. Mu 2012 bungwe la WHO ndi anzake anatulutsa lipoti lotchedwa Born Too Soon, ndipo pa mayiko onse a dziko lapansi Malawi ndiye anali pamwamba: ana 18 mwa 100 alionse. Chiwerengero chatsopano chimene chinatuluka mu 2023 chinatiika pa ana 14 kapena 15 mwa 100, ndipo amene anatiposa ndi Bangladesh yekha. Tisafulumire kuomba m'manja, chifukwa kawerengedwe kakenso kanasintha. Pamene ofufuza anayeza zaka za mimba ndi makina ounikira m'midzi ya m'chigawo chakummwera, m'malo modalira kukumbukira kwa mayi, zotsatira zimene anafalitsa mu 2005 zinaonetsa mwana mmodzi mwa asanu alionse. Mavuto obwera chifukwa cha kubadwa msanga ndiwo akupha ana osakwana zaka zisanu ochuluka kwambiri pa dziko lonse, kuposa malungo.

2. Mwaye umafika kwa mwana asanabadwe.

Kale madokotala ankakhulupirira kuti nsengwa imatchinga zoipa zonse kuti zisafike kwa mwana. Mu 2019 akatswiri a pa yunivesite ya Hasselt ku Belgium anaunika nsengwa za amayi amene anali atangobereka, n'kupeza tizidutswa ta mwaye ku mbali ya nsengwa imene imayang'ana kwa mwana. Amayi okhala kumalo a utsi wambiri anali ndi tizidutswa tochulukirapo. Patatha zaka zitatu, mogwirizana ndi a yunivesite ya Aberdeen ku Scotland, anatipezanso m'mapapo, m'chiwindi ndi muubongo wa ana a miyezi yoyambirira ya pakati.

Tizidutswati n'tating'ono kwambiri moti mungatindandalike 30 kapena kuposerapo kuti tifike pa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Mphuno siitigwira. Timatsikira mpaka pansi pa mapapo, tina n'kulowa m'magazi. Thupi la mayi limalimbana nato ngati matenda, mitsempha yopita ku nsengwa imatupa n'kuchepetsa chakudya ndi mpweya wopita kwa mwana, ndipo nthawi zina chiberekero chimayamba ntchito yake tsiku lisanafike.

3. Fakitale ya tiyi ndi khitchini ya wothyola tiyi zimayaka chinthu chimodzi.

Tiyi anafika m'dziko muno mu 1878 pa mishoni ya Blantyre, ndipo ulimi wake wogulitsa unayambira ku Mulanje cha mu 1891. Ku Thyolo unakhazikika pambuyo pake. Esiteti ya Satemwa, mwachitsanzo, inayamba mu 1923. Kuyambira nthawi imeneyo kapangidwe ka tiyi sikanasinthe kwenikweni. Masamba amafota, amadulidwa, amafiira, kenako amaumitsidwa ndi mpweya wotentha. Kutenthako kumachokera ku nkhuni, ndipo n'chifukwa chake pafupi ndi minda ya tiyi mumaona nkhalango za bulugamu zodzalidwa m'mizere. Ndi nkhuni za boyila zimenezo.

Tsono taonani kusiyana kwake. Fakitale imasonkha nkhuni zoumitsidwa bwino, moto wake ndi waukali, ndipo chumuni chake chimataya utsi m'mwamba. Mayi wa m'mudzi woyandikana ndi esiteti, kapena wa kukomponi, amasonkha zimene wapeza: tinthambi taziwisi, mapesi, zitsononkho, ndipo moto ukamavuta amakolezera jumbo. Nkhope yake imakhala pa mafuwa pomwepo, m'kakhitchini kopanda zenera, m'mawa, masana ndi madzulo. WHO imati utsi wa m'nyumba zotere umatha kupitirira mlingo woyenera ka 100.

Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2021 anawerengera kuti m'chaka cha 2019 ana pafupifupi 6 miliyoni pa dziko lonse anabadwa masiku asanakwane chifukwa cha mpweya woipa. Chodabwitsa n'chakuti magawo awiri mwa atatu a vutoli anachokera ku utsi wophikira, osati wa mafakitale kapena magalimoto.

Wina anganene kuti basi, maesiteti alibe mlandu. Ine sindikuona choncho. Munthu amaphikira mapesi ndi mapulasitiki chifukwa nkhuni zabwino zasowa, ndipo ku Thyolo kusowa kwa nkhuni ndi mwana wa kusowa kwa malo. Malo abwino ambiri anapita kwa azungu a minda kalekale, anthu n'kumakhalamo mwa thangata, ndipo mpaka lero midzi yapanikizika m'mphepete ndi m'zitsetse. Amene anapita ku phiri la Thyolo zaka za posachedwa akudziwa mmene nkhalango yake inathera. Banja la kadimba kakang'ono lingadzale pati mitengo? Utsi wa m'khitchini ija uli ndi mbiri, ndipo mbiriyo ikudutsa pa geti la esiteti.

4. Fakitale ikatseka, mimba za m'dera lozungulira zimafika masiku ake.

Izi zinaoneka bwino ku America. Pakati pa 2001 ndi 2011 ku California kunatsekedwa malo asanu ndi atatu opangira magetsi ndi malasha kapena mafuta. Kwa amayi okhala mkati mwa makilomita 5 kuchokera pa malowo, ana obadwa msanga anatsika kuchoka pa 7 mwa 100 kufika pa 5 mwa 100. Ku Utah fakitale ya zitsulo itaima ntchito kwa chaka chimodzi mu 1986 ndi 1987, ana ogonekedwa m'chipatala ndi matenda a m'chifuwa anachepa kwambiri, ndipo itatsegulidwanso anachulukanso. Ku Beijing, boma litaimitsa mafakitale ndi magalimoto ambiri chifukwa cha masewero a Olympics a 2008, makanda amene mwezi wachisanu ndi chitatu wa mimba yawo unagwera m'masabata amenewo anabadwa olemererako ndi magalamu 23.

Palibe wanzeru anganene kuti titseke mafakitale a tiyi. Ntchito ya tiyi imalemba anthu oposa 50,000 nyengo yothyola ikafika pachimake, ndipo boyila ya nkhuni siingafanane ndi chimphona chotentha malasha. Phunziro lake ndi lakuti mtunda wa pakati pa chumuni ndi nyumba za anthu ndi nkhani ya zaumoyo. Lamulo la za chilengedwe la 2017, limene linakhazikitsa bungwe la MEPA, limapatsa aliyense ufulu wokhala pamalo aukhondo, ndipo mfumu kapena komiti ya chitukuko ya m'dera ikhoza kufunsa kuti utsi ndi madzi otuluka m'fakitale amayezedwa liti, ndipo amayeza ndani.

5. Mbaula zamakono zinayesedwa kwa aneba athu ku Chikwawa, ndipo chibayo sichinachepe.

Ili ndi phunziro lowawa. Ofufuza otsogozedwa ndi Kevin Mortimer wa ku Liverpool anagawa mbaula zoyaka bwino, zokhala ndi kafani koyendera batire yotchajidwa ndi dzuwa, m'midzi ya ku Chikwawa ndi ku Karonga. Anatsatira ana oposa 10,000 kwa zaka ziwiri. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu magazini ya Lancet kumayambiriro a 2017, zinati ana a m'nyumba za mbaula zatsopano anadwala chibayo mofanana ndi anzawo a pa mafuwa. Chimene chinachepako ndi kupsa ndi moto.

Zifukwa zake n'zomveka kwa aliyense wokulira kumudzi. Mbaula zinkawonongeka. Nyemba kapena nsima ya anthu ambiri inkabwerera pa mafuwa. Ndipo mwana sapuma mpweya wa khitchini ya amake okha: pali dzala la zinyalala likufuka, uvuni ya njerwa, munda wotenthedwa, nyali ya koloboyi, ndi khitchini ya aneba. Chitetezo mbaula ndi yabwino, imapulumutsa nkhuni. Koma wolonjeza kuti payokha ithetsa matenda a ana akulonjeza zimene sizinaoneke.

6. Likulu loyang'anira mankhwala ophera tizilombo m'dziko lonse lili m'boma lomwe lino.

Bungwe la Pesticides Control Board, limene linabwera ndi lamulo la mu 2000, lili ndi maofesi ake pa malo a kafukufuku wa zaulimi ku Bvumbwe. Ndilo limalembetsa mankhwala alionse opopera olowa m'Malawi.

Tiyi wa kuno safuna mankhwala ophera tizilombo ochuluka ngati thonje kapena tomato. Chimene chimapoperedwa kwambiri ndi mankhwala opha udzu. Koma maesiteti ambiri masiku ano amalimanso makademiya, amene amavutitsidwa ndi tizilombo toyamwa zipatso, ndipo m'madimba a masamba a ku Bvumbwe komweko mpope sukhala pansi. Ku Puerto Rico ndi ku Indiana, ofufuza anapeza kuti amayi amene mkodzo wawo unali ndi mankhwala opha udzu a glyphosate ochuluka ankabereka msanga kuposa anzawo.

Njira imene mankhwalawa amafikira kwa mayi woyembekezera nthawi zambiri si kupopera. Ndi ovolosi ya bambo yochapidwa pamodzi ndi zitenje ndi matewera. Ndi kulowa m'munda masamba akadali onyowa. Ndi chigubu chabwino cha malita 20 chimene wina anaona kuti n'chachisoni kuchitaya, n'kuyamba kutungiramo madzi. Chigubu chotero, ngakhale mutsuke ndi sopo, si cha madzi akumwa, chimayenera kubowoledwa.

7. Mtovu umene mtsikana anaumeza ali wamng'ono umadzavulaza mwana wake patapita zaka.

Thupi limasokoneza mtovu ndi kashiamu, n'kuusunga m'mafupa kwa zaka makumi angapo. Mayi akakhala ndi pakati, mafupa ake amatulutsa kashiamu kuti amange mafupa a mwana, ndipo mtovu uja umatulukira limodzi. Zotsatira zake ndi kupita padera, kubereka msanga, mwana wochepa thupi, ndi ubongo wosakula bwino. WHO imati palibe mlingo wa mtovu umene ungatchedwe wabwinobwino m'magazi a mwana.

Chitsanzo choopsa chili kwa abale athu ku Zambia. Mgodi wa mtovu wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likudwalitsabe ana. Mu 2020 maloya anakasuma ku khoti la ku Johannesburg m'malo mwa amayi ndi ana pafupifupi 140,000, kutsutsana ndi kampani ya Anglo American, imene imakana mlanduwo. Mu December 2023 khotilo linakana kuti anthuwo asumire pamodzi, ndipo iwo anachita apilo.

Thyolo ilibe mgodi wotero, koma mtovu uli ndi njira zina. Mu 2021 bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi anzake anayeza penti wamafuta wogulitsidwa m'dziko muno n'kupeza kuti woposa theka anali ndi mtovu wochuluka. Zitadziwika, makampani angapo anasintha kapangidwe. Penti wakale akadali pa zitseko ndi mawindo a sukulu ndi nyumba. Palinso mabatire akutha a galimoto ndi a sola, amene anthu amawaswa pakhomo, ana akusewera pomwepo.

8. Nyengo ya ndalama ndiyonso nyengo yotentha.

Tiyi amaphuka kwambiri mvula ikagwa, kuyambira cha mu December mpaka April. Ndi pamene aganyu a nyengo amalembedwa ambiri, ndi pamenenso dengu limadzaza msanga. Kafukufuku wophatikiza maphunziro 70, amene anatuluka mu 2020, anapeza kuti kutentha kukakwera ndi digiri imodzi, chiopsezo chobereka msanga chimakwera ndi 5 peresenti, ndipo masiku a kutentha koopsa chimakwera ndi 16 peresenti. Thupi likatentha limatumiza magazi ku khungu kuti lizizire, ndipo opita ku chiberekero amachepa.

Wothyola tiyi amaima tsiku lonse, pamalo otsetsereka, dengu lili kumsana, ndipo malipiro ake amadalira kukwanitsa mlingo wa makilogalamu. Kupuma pamthunzi ndi kutaya ndalama. Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa mayi masabata osachepera 8 a tchuthi cha uchembere, akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Kusintha kwa mu 2021 kunawonjezera nthawi yoyamwitsa pa ntchito ndi masabata awiri a tchuthi cha abambo. Papepala zili bwino. Koma mayi wolembedwa miyezi inayi yokha, amene akufuna kuti chaka chamawa akapitawo adzamukumbukire, amamanga chitenje mothina n'kukhala chete. Apa m'pamene bungwe la ogwira ntchito m'minda liyenera kumveka mawu.

9. Kapu ya tiyi yomwera pa chakudya imabera mayi magazi.

Mu tiyi muli zinthu zimene zimagwira ayironi wa m'masamba ndi nyemba, thupi n'kulephera kumutenga. Kumwa tiyi pamodzi ndi chakudya kukhoza kuchepetsa ayironi wolowa m'thupi ndi theka kapena kuposerapo. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi oyembekezera 45 mwa 100 m'Malawi anali ndi magazi ochepa, ndipo kuchepa kwa magazi kumathandizira kubereka msanga. Sikuti tiyi aletsedwe, ayi. Angodikira ola limodzi chakudya chitatha, ndipo mapiritsi a magazi a kusikelo asamezeredwe tiyi.

10. Malungo a mayi woyembekezera akhoza kubisala ngakhale kwa woyeza.

Tizilombo take timaunjikana mu nsengwa, mayi osamva kutentha thupi, magazi a pachala n'kuoneka abwino. Mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba kuyamba kupereka Fansidar kwa amayi onse oyembekezera, odwala ndi osadwala omwe. Amene amaponya mapiritsi aja m'thumba ponena kuti "sindikudwala" sanauzidwe chifukwa chake.

11. Chifuwa cha mayi chinaposa makina, ndipo umboni wina unachokera ku Queens.

Njira ya kangaroo, yomangirira khanda pachifuwa khungu kukhudza khungu, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, pamene Dr Edgar Rey anasowa makina ofunditsira ana. Kuno inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Kwa zaka zambiri lamulo linali lakuti mwana ayambe wakhazikika m'makina asanapatsidwe kwa amake. Kafukufuku wa WHO m'mayiko asanu, Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, anayesa kuyamba nthawi yomweyo mwana akangobadwa. Kuno unachitikira pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Pa makanda olemera pakati pa kilogalamu imodzi ndi 1.8, imfa zinachepa ndi 25 peresenti, ndipo mu 2022 WHO inasintha malangizo ake a dziko lonse.

Pa Queens pomwepo anayesanso makina a Pumani, othandiza mapapo osakhwima kuti asafwafwanyike mwana akamatulutsa mpweya. Anawapanga mogwirizana ndi yunivesite ya Rice ya ku Texas, ndipo oyambirira ankagwiritsa ntchito timapampu ta m'mabokosi oweteramo nsomba. Pa kafukufuku wa Dr Kondwani Kawaza ndi anzake, makanda obanika amene anapulumuka anachoka pa 44 mwa 100 kufika pa 71 mwa 100. Makinawa anafalikira m'zipatala za m'maboma.

Vuto limadza mwana akatuluka. Khanda la mwezi wa June kapena July limafikira m'chiperoni, ndipo agogo, mwachikondi chawo, amatseka zitseko n'kusonkha moto m'chikuta kuti mdzukulu asazizidwe. Mapapo amene anabadwa asanakhwime ndiwo sachedwa kugwidwa chibayo. Chofunda chabwino cha mwana wotero ndi thupi la munthu, ndipo amake akatopa, abambo, azakhali ngakhale agogo omwewo akhoza kumumangirira pachifuwa, moto n'kukhala panja.

12. Chingamu chinachepetsa ana obadwa msanga ku Lilongwe.

Zikumveka ngati nthabwala. Ofufuza a Baylor College of Medicine, motsogozedwa ndi Dr Kjersti Aagaard, anatsatira amayi oposa 10,000 pa zipatala zazing'ono zisanu ndi zitatu za m'dera la Lilongwe. Onse anaphunzitsidwa kusamala mano, koma pafupifupi theka lawo linkapatsidwanso chingamu chokhala ndi xylitol, chotsekemera chimene tizilombo ta m'kamwa sitingadye, kuti azitafuna kawiri pa tsiku. Mwa otafuna chingamu, amene anabereka msanga anali pafupifupi 13 mwa 100. Mwa enawo, pakati pa 16 ndi 17 mwa 100.

Maganizo a ofufuzawo ndi akuti nkhama zotupa ndi zotuluka magazi zimakhala khomo lolowera tizilombo m'magazi, ndipo kutupa kumene kumatsatira kumafika ku nsengwa, monga zimachitikira ndi utsi. Si chingamu chilichonse cha pa okala. Cha shuga chimangowonjezera kubowoka kwa mano. Kusikelo mayi amakwera pa sikelo, amayezedwa mimba, kuthamanga kwa magazi, HIV ndi chindoko. M'kamwa sayang'anamo kawirikawiri, choncho mayi amene nkhama zake zimatuluka magazi akamatsuka mano awauze anamwino yekha, asadikire kufunsidwa.